UVUNI WAUNG'ONO UFUNA MWINI WODEKHA

Lero ndiyamba ndi kudziulula ndekha, pakuti munthu amene alangiza anzake ayenera kuvomera pamene nayenso wapunthwa.

M'nyengo yozizira yapitayi ndinakwera basi kucokera ku Chipata, kudzera ku Lusaka, kunka ku Kitwe kukaona mwana wa mng'ono wanga amene akhala ku Chimwemwe. Mwanayu ndi mai wa ana atatu, ndipo mwamuna wake nchito inamuthera. Banja lonse lidalira masikono amene iye agulitsa pa msika wa Chisokone. Kwa nthawi yaitali anali kuoda masikonowo kwa anthu ena, ndipo phindu lake linali locepa kwambiri. Cotero analowa cilimba ndi anzake, ndipo itafika nthawi yake yolandira anagula kauvuni kamagetsi, kaja kokhala pa thebulo, pamodzi ndi thumba la ufa wa tirigu, kuti aziphika yekha.

Ine ndinafika tsiku lomwe kauvuniko kanatuluka m'katoni. Popeza ndaphika masikono a maukwati osawerengeka m'uvuni wa njerwa kumudzi, ndinati kwa iye, "Mwanawe, khala pansi uone mmene tiphikira ife akuluakulu." Ndinakanda ufa, ndinadzaza mathireyi awiri, ndinawalowetsa onse pamodzi, ndinapotoza kotsegulira moto mpaka pamapeto, ndi kutuluka panja kukaceza ndi anansi. Cimene cinatiitana m'nyumba ndi utsi. Masikono a m'thireyi yapamwamba anapserera pamutu, a m'thireyi yapansi anada bii kunsi, ndipo onse m'kati anali aawisi. Masikono 24 anapita kudzala.

Mwanayo anangoti, "Palibe kanthu amai, madzi akatayika saoleka." Koma ndinamuona akuyang'ana m'thumba la ufa, kupima ndi maso umene unatsala. Tsiku limenelo analibe conyamula kunka naco kumsika, ndipo pa Ciweru anayenera kuponya gawo lake la cilimba. Ufa, majarini, mazira ndi mayuniti a magetsi, zonsezo zinali mpamba wake, ndipo amene anaziononga ndine mlendo wodzitama. Usiku umenewo tulo sindinatione. M'mawa kutaca ndinati, "Tiye kumsika tikafunse, pakuti safunsa anadya phula."

ZIMENE TINAONA PA CHISOKONE

Amene simunafikeko, dziwani kuti Chisokone ndi msika waukulu umene uli pakati peni peni pa mzinda wa Kitwe. Muli ndiwo zamasamba, kapenta, nsomba zouma, salaula, ziboliboli, miphika, mbaula ndi zina zambiri, ndipo cilankhulo cimene cimveka kwambiri ndi Cibemba. M'mawa anthu opita ku nchito ndi ogulitsa omwe afuna cakudya comwera tiyi, cotero amai ogulitsa masikono, mabanzi ndi vitumbuwa sasowa ogula. Ambiri a iwo alibe sitovu yaikulu. Ena aphikira m'kauvuni kamagetsi, ena m'bokosi lacitsulo lokhazika pa mbaula, ndipo ena ali nazo zonse ziwiri.

Cifukwa cokhalira nazo zonse ziwiri ciri codziwika. Magetsi ambiri a dziko lino acokera ku madzi a ku Kariba ndi a mtsinje wa Kafue. Mvula ikacepa, magetsi nawonso acepa. Tinaziona mu 2015 ndi mu 2019, ndipo mu 2024 zinafika poipa, pamene cilala cinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February, ndipo pofika September magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Mai amene anadalira magetsi okha malonda ake anaima. Amene anadziwa kuphika ndi makala, amene a ku Migodi amati malasha, anapitiriza kugulitsa.

Nkhani imeneyi ikukhudzani inunso a kumidzi. Magetsi afika m'masukulu, m'zipatala zazing'ono ndi m'misika yambiri ya kumidzi, ndipo ana athu a m'tauni akafuna kutumiza mphatso kwa makolo, kawiri kawiri asankha timauvuni totere. Kumene magetsi sanafike, mphika ndi mbaula zigwira nchito yomweyo. Malangizo amene tinatola kwa amai a pamsika, pamodzi ndi zimene tinayesa tokha kwa milungu iwiri, ndiwo ndikupatsani lero.

CIFUKWA CAKE UVUNI WAUNG'ONO UVUTA

Uvuni wa njerwa umene tizolowera kumudzi uli ngati munthu wamkulu wofatsa. Utenga nthawi kuti utenthe, koma ukatentha usunga moto m'zipupa zake, ndi kuupereka pang'ono pang'ono mbali zonse. Uvuni waung'ono uli ndi makhalidwe ena, ndipo alipo anai ofunika kuwadziwa.

Loyamba, moto uli pafupi kwambiri ndi cakudya. M'kauvuni kamagetsi zitsulo zotentha ziri pamwamba ndi pansi, ndipo pakati pa citsulo ndi cakudya pangakhale mpata wa zala zinai cabe. Kunja kwa cakudya kupsa msanga, moto usanalowe m'kati.

Laciwiri, mpweya wotentha umene uli m'katimo ndi wocepa, ndipo zipupa ndi zopyapyala. Mukatsegula citseko kamodzi, gawo lalikulu la kutentha lithawa, ndipo zitsulo ziyakanso mwamphamvu kuti zibwezere. Kuyakanso kumeneko ndiko kupsereza pamwamba.

Lacitatu, kutentha sikulingana mbali zonse. Kawiri kawiri kumbuyo kutentha koposa, ndipo pafupi ndi citseko kucepa.

Lacinai, manambala olembedwa pa kotsegulira moto sanena zoona nthawi zonse. Mungaike pa madigiri 180, koma m'kati muli kutentha koposa kapena kocepera pamenepo. Mauvuni awiri a mtundu umodzi, ogulidwa m'sitolo imodzi, angasiyane.

YAMBANI MWAUDZIWA UVUNI WANU

Musayambe ndi keke ya ukwati. Patulani tsiku limodzi louyesa uvuni wanu, ndipo cimene mudzataya ndi ufa wodzaza sipuni ziwiri cabe. Yatsani uvuni, dikirani mphindi 15, ndipo wazani ufa wa tirigu pang'ono pa thireyi yonse. Lowetsani pakati, tsekani, ndi kuwerenga mphindi 5. Ufa ukatuluka wotuwa, wangosintha pang'ono, moto ndi wocepa, woyenera kuumitsira zinthu kapena kufunditsa cakudya. Ukatuluka wofiirira ngati nsawa zokazinga bwino, moto ndi wapakati, woyenera keke ndi cikondamoyo. Ukafiira kwambiri, moto ndi waukulu, woyenera masikono ndi mabanzi. Ukada ndi kufuka utsi mphindi 5 zisanakwane, moto wapitirira muyeso, ndipo ciri conse cimene mungalowetse cidzapserera.

Yang'ananinso mbali imene ufa wafiira koposa. Kumeneko ndiko kuli moto waukali wa uvuni wanu, ndipo muzikumbukira nthawi zonse. Kwa mwana wanga uja tinapeza kuti kumbuyo, cakumanzere, ndiko kupsereza. Amene angathe agule kacipangizo kopimira kutentha kokoleka m'kati mwa uvuni, pakuti kamacotsa kukaika konse. Koma ufa supita padera, ndipo kuyesa kumeneku kuthandiza cimodzimodzi pa uvuni wa makala umene ulibe manambala.

MALAMULO A KAUVUNI KAMAGETSI

Tenthetsani uvuni musanalowetse kanthu. Mphindi 10 kapena 15 zikwanira. Pamene uvuni uyamba kutentha zitsulo zake zifiira psuu, ndipo cakudya colowa nthawi imeneyo cipsa pamwamba cisanafufume.

Phikani thireyi imodzi pa nthawi imodzi, ndipo muiike pa shelefu yapakati. Apa ndi pamene ine ndinalakwira. Mathireyi awiri achingana: yapamwamba ilanda moto wonse wapamwamba, yapansi ilanda wapansi, ndipo pakati pao palibe moto wokwanira. Munthu aganiza kuti afulumira, koma ataya zonse.

Siyani mpata. Citini cisakhudze zipupa. Pakhale danga la zala ziwiri mbali zonse, kuti mpweya wotentha uzizungulira. Popita kukagula zitini, pimani m'kati mwa uvuni wanu ndi cingwe kapena kamtengo, ndi kupita nako kumsika. Amisiri osula zitini akhoza kukupangirani thireyi ya muyeso umene mufuna.

Cepetsani moto. Ngati malangizo a kaphikidwe anena madigiri 200, inu ikani pa 180 kapena 190, ndipo muyambe kuyang'anira pa galasi patatsala mphindi 5 kapena 10 kuti nthawi yonenedwa ikwane. Moto wocepa pang'ono upatsa m'kati mpata woti mupse.

Musazamitse cakudya. Keke yaitali ifika pafupi ndi citsulo capamwamba ikafufuma. Nkwabwino kuphika makeke awiri aafupi, wina pambuyo pa mnzake, ndi kuwasanjikiza atazizira. Citini cisadzaze kupitirira theka ndi pang'ono. Cimodzimodzi buledi: mitanda iwiri yaing'ono, kapena mabanzi, zipsa bwino koposa mtanda umodzi waukulu.

Musatsegule citseko kawiri kawiri. Keke isatseguliridwe kufikira magawo awiri mwa atatu a nthawi yake atapita, pakuti mphepo ikalowa isanalimbe igwa pakati ndipo siidzukanso. Nthawi imeneyo ikakwana, tsegulani kamodzi, tembenuzani citini kuti mbali ya kumbuyo ibwere kutsogolo, ndi kutseka msanga. Masikono atembenuzidwe atayamba kufiirira.

Pamwamba pakafiira m'kati musanapse, phimbani ndi foilo, koma isakhudze zitsulo zotentha. Mauvuni ena alola kuzima moto wapamwamba ndi kusiya wapansi wokha, ndipo zimenezi zithandiza kumapeto. Pansi pakamapserera, sanjikizani mathireyi awiri, ina m'kati mwa inzake, kuti moto usafike mwaukali. Dziwaninso kuti citini cakuda cikoka moto koposa cowala, ndipo cakudya ca shuga wambiri cifiira msanga koposa ca shuga wocepa.

PHUNZIRO LA CIKANDA

Phunziro lalikulu la kuphika ndi makala tinalipeza kwa amai ogulitsa cikanda, cimene kwathu ena amati cinaka. Cikanda ciphikidwa m'mphika, kusakaniza ufa wa tizinthu take touma ndi nsawa zosinja, soda, mcere ndi tsabola, ndi kuvundula kufikira citalimba. Pamenepo mai acotsa mphika pamoto waukulu, avundikira, ndi kuika makala amoto pa civundikiro. Moto wocokera pamwamba ndiwo uumitsa ndi kufiiritsa cikanda. Mai wina wacikulire anatiseka pamene tinamufotokozera tsoka lathu, ndipo mau ake, kuwatembenuza m'cilankhulo cathu, anali akuti moto wapansi ndi wakuba, ugwira nchito yake munthu osauona.

Nzeru imeneyi ndiyo ipanga uvuni wa mphika. Tengani mphika waukulu wacitsulo wokhala ndi civundikiro cokwana bwino. Thirani pansi pake mcenga woyera, wouma, kuzama kwa zala ziwiri. Mcenga ugwira moto ndi kuugawa mofanana, monga zicitira njerwa. Pamcengapo ikani timiyala titatu touma kapena kawaya kopinda, kuti citini ca keke cikhale m'mwamba pang'ono. Vundikirani, khazikani pa mbaula, ndi kudikira mphindi 15 kapena 20 kuti mcenga utenthe. Yesani ndi ufa monga tanenera. Mukalowetsa citini, cotsani makala ambiri m'mbaula ndi kuwaika pa civundikiro, magawo awiri pamwamba ndi gawo limodzi pansi. Makala apamwamba muwayale m'mbali mozungulira, osawaunjika pakati, pakuti pakati ndi pamene keke itukuka ndi kuyandikira civundikiro.

Gwiritsani makala amene ayaka kale ndipo ayamba kuyera phulusa. Makala akuda, amene angoyamba kugwira moto, afuka utsi ndipo moto wao ukwera mwadzidzidzi. Moto ukakula, wazani phulusa pang'ono pa makala. Ukacepa, onjezani makala oyaka kale ocokera pambali. Khazikani mbaula pamalo pobisika ku mphepo, cifukwa mphepo ikoleza mbali imodzi ndi kuziziritsa ina. Potsegula, kwezani civundikiro cilili ndi kuciika pambali mosamala kuti phulusa lisagwere m'cakudya.

Uvuni wa bokosi lacitsulo kapena wa mgolo utsata malamulo omwewa: mcenga kapena njerwa zopyapyala pansi, makala pang'ono kunsi, makala ambiri pamwamba. Koma samalani pogula. Mgolo umene munali mankhwala a m'munda, penti kapena mafuta a makina usasanduke uvuni, ngakhale utatsukidwa cotani. Malata onyezimira ofolerera nyumba nawonso atulutsa utsi woipa akapsa ndi moto waukulu, cotero asakhale mbali imene igona pa makala. Uvuni watsopano uli wonse uyambe watenthedwa wopanda cakudya, panja, kufikira fungo lonse litatha.

Ndipo mau awa ndiwanena molimba: mbaula siilowa m'nyumba yotseka. Makala atulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu ayamba kumva mutu ndi cizungulire, agona, ndipo sadzukanso. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kukula, amai ambiri ayesedwa kuphikira m'kati usiku kuti m'mawa alawirire kumsika. Phikirani pakhonde kapena m'cisakasa copita mphepo, ndipo ana asagone pafupi.

ZA DZIKO LATHU LOKWERA

Pali cinthu cina cimene mabuku a kaphikidwe ocokera ku maiko a m'mbali mwa nyanja zamcere sachula. Kitwe ndi Ndola ziri pamtunda wokwera mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo Chipata ndi Lusaka nazonso ziri pamwamba pa mamita 1,000. Pamalo okwera cotere mpweya ndi wopepuka. Madzi awira pa madigiri 96 m'malo mwa 100, ndipo zofufumitsa zigwira nchito mwamsanga. Keke ikwera mofulumira, kenaka igwa pakati isanalimbe. Ngati zimenezi zikucitikirani kawiri kawiri, cepetsani baking powder pang'ono, monga kucotsa kota pa sipuni yaing'ono iri yonse, ndipo onjezani mkaka sipuni imodzi kapena ziwiri. Buledi wa yisiti asasiyidwe kufufuma kopitirira. Ukafika kawiri kukula kwake koyamba, wakwana. Kumbukiraninso kusungunula yisiti m'madzi ofunda cabe, amene cala cikhoza kukhalamo osapsa, pakuti madzi otentha aipha.

MASIKONO OYENERA UVUNI WAUNG'ONO

Tengani makapu 4 a ufa wa tirigu, masipuni aang'ono 6 a baking powder osatumphuka, theka la sipuni yaing'ono ya mcere, theka la kapu ya shuga, magalamu 125 a majarini, mazira 2 ndi kapu imodzi ya mkaka. Sefani ufa, baking powder ndi mcere pamodzi. Fikisani majarini mu ufa ndi nsonga za zala kufikira zitaoneka ngati mitama ya cimanga. Onjezani shuga. Menyani mazira mu mkaka, sungani pang'ono popaka pamwamba, ndi kuthira zotsalazo mu ufa. Sakanizani mopepuka kufikira zitagwirana. Musakande monga mukandira buledi, cifukwa masikono okandidwa kwambiri auma gwa. Yalani ndi manja kukhuthala kwa zala ziwiri, ndi kudula ndi kapu yaing'ono yopakidwa ufa, osaipotoza.

Pamuyeso umenewu patuluka masikono 16 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti mathireyi awiri a kauvuni. Yoyamba ilowe pa madigiri 200 kwa mphindi 12 kufikira 15. Yaciwiri idikire pamalo pozizira, yophimbidwa ndi nsalu, kutali ndi uvuni, kuti majarini asasungunuke. Mukatulutsa yoyamba, tsekani citseko ndi kudikira mphindi zitatu kuti moto ubwerere, ndipo pamenepo lowetsani yaciwiri. Sikono yakupsa ipepuka m'manja, ndipo mukaigogoda kunsi imveka ngati mulibe kanthu m'kati.

Amene ufa wa tirigu ukudulirani, musaiwale cikondamoyo cathu. Tirigu wa dziko lino alimidwa ndi madzi othirira m'nyengo yozizira, kumadera monga Mkushi, Chisamba ndi Mpongwe, ndipo afika kumudzi atayenda ulendo wautali, pamene cimanga ciri m'nkhokwe mwanu. Sakanizani makapu 2 a ufa wa mgaiwa, nthoci zakupsa 4 zonyenya, dzira limodzi, masipuni aakulu 3 a shuga, masipuni aakulu 3 a mafuta ophikira, mcere pang'ono, sipuni yaing'ono imodzi ya soda ndi kapu ya mkaka wosasa. Soda ifuna cinthu cowawasa kuti ifufumitse, ndiye nchito ya mkaka wosasawo. Popanda mkakawo finyirani ndimu mu mkaka wamba. Thirani m'citini copakidwa mafuta, kuzama kosapitirira zala zitatu, ndi kuphika pa moto wapakati kwa mphindi 35 kufikira 45. Lasani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, capsa. Cikondamoyo cikoma koposa cikaphikidwa m'uvuni wa mphika.

NYAMA NDI ZINA

Uvuni waung'ono si wa ufa wokha. Nkhuku yathunthu siiyenera, cifukwa cidale cake ciyandikira citsulo capamwamba ndi kupserera pamene m'ncafu mukali magazi. Iduleni nthuli, kapena ing'ambeni kumsana ndi kuiyala cafufumimba kuti ikhale yafulati. Pa madigiri 180 nthuli za nkhuku yoweta ya m'khola zifuna mphindi 40 kufikira 50. Lasani pafupi ndi fupa: madzi otuluka akhale oyera, opanda kufiira kuli konse. Nkhuku yacikuda ndi yolimba, cotero iyambe yawiritsidwa kufikira itafewa, ndipo ilowe m'uvuni kukafiira cabe. Mbatata za kholowa ndi maungu zidulidwe zidutswa zolingana, kuti zipsere pamodzi. Mafuta akadonthera pansi, pukutani uvuni utazizira tsiku lomwelo, pakuti mafuta akale ndiwo afukitsa utsi, ndipo nthawi zina agwira moto.

MAGETSI AKAZIMA, NDI ZINA ZOFUNIKA KUSAMALA

Magetsi akazima keke iri m'kati, musatsegule citseko. Ngati inatsala pang'ono kupsa, kutentha kotsalako kungaimalize. Ngati inali isanafike pakati pa nthawi yake, kolezani mbaula msanga, tenthetsani mphika wa mcenga, ndipo musamutse citini pamene mphikawo watentha. Mai wocenjera, pa tsiku limene magetsi sali odalirika, ayamba wakoleza mbaula pambali asanathire mkaka mu ufa, cifukwa ufa wouma udikira koma wonyowa sudikira.

Kauvuni ka mawati 1,500 kakayaka ola lathunthu kadya magetsi osapitirira yuniti imodzi ndi theka. Cotero konzani zonse musanayatse, ndipo phikani motsatizana, kuyamba ndi zofuna moto waukulu, kutsiriza ndi zofuna moto wocepa. Kauvuni kakhale ndi soketi yakeyake, osagawana ndi ketulo kapena nsimbi pa cingwe cimodzi, pakuti zingwe zopyapyala zitentha ndi kuyambitsa moto. Amene muli ndi sola yaing'ono younikira ndi kuchajira foni, dziwani kuti siingayendetse uvuni. Khazikani kauvuni potalikira cipupa ndi makatani, pamwamba pake musaikepo mbale zapulasitiki kapena nsalu, ndipo galasi lake likhale kutali ndi manja a ana.

Potsiriza, sungani kope. Lembani cimene mwaphika, moto umene munaika, mphindi zimene zinapita ndi mmene cinatulukira. Amene muphikira malonda, lembaninso mtengo wa ufa, shuga, mazira, majarini ndi makala kapena magetsi, ndipo mugawe ndi ciwerengero ca masikono amene atuluka. Pamenepo mudzadziwa ngati mupindula, ndiponso mudzaona ndi maso anu kuti thireyi imodzi yopserera ikhoza kudya phindu la tsiku lonse.

Mufuna kudziwa mmene inathera nkhani ya ku Chimwemwe. Gawo la cilimba la pa Ciweru lija ndinalipira ndine, pakuti wolakwa ndinali ine, ndipo ndinagulanso ufa kubwezera umene ndinaononga. Tsiku lacitatu, titauyesa uvuni ndi ufa, tinalowetsa masikono asanu ndi atatu okha, pa shelefu yapakati, ndipo tonse awiri tinakhala pa mipando patsogolo pa galasi osalankhula. Anatuluka ofufuma, ofiirira bwino pamwamba ndi pansi. Mwanayo ananyema imodzi nandipatsa theka, nati, "Lawani amai, tsopano mwaphunzira." Ndinavomera, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Masiku ano adzuka usiku usanathe, aphika mathireyi asanu ndi limodzi motsatizana, ndipo afika pa Chisokone masikono akali ofunda. Wagulanso mphika waukulu wa mcenga woyembekezera masiku amene magetsi azima. Malipiro a m'sukulu za Boma anacotsedwa mu 2022, koma yunifomu, nsapato ndi makope zifunabe ndalama, ndipo za ana ake atatu zicokera m'kauvuni kameneka.

Yesani zimene tanenazi, ndipo mutilembere kutiuza mmene zayendera, makamaka inu amene muphika ndi makala kapena nkhuni, kuti anzanu aphunzireko. Mlungu wamawa tidzakambirana za kasungidwe ka ufa m'nyengo ya mvula, kuti usagwire nkhungu kapena kulowa anankafumbwe. Tsalani bwino.